Ndidalondera Mowa wa Eni Ake

Munthu ukasiya mowa, anthu sachedwa kukusenzetsa maudindo. Ine nditakhala kanthawi ndithu osalawa, ndidangozindikira ndili msungichuma wa banki m'khonde ya kwathu ku Machinjiri, nkhoswe ya mabanja angapo, komanso ndodo yomwe azimayi ankakwapulira amuna awo. "Taonani anzanu aja, adasiya, pano akumanga mpanda." Amuna a m'dera lonse ankandida, ndipo kunena zoona ine ndinkamva kukoma. Ndinkayenda pang'onopang'ono podutsa pa bala, dala, kuti andione bwinobwino.

Zidayambira kumaliro a amalume aakulu kwathu ku Ntcheu, mwezi wa June chaka cha 2024. Amene adagonapo panja kufupi ndi Tsangano nyengo imeneyo akudziwa kuzizira komwe ndikunena. M'bandakucha tili kumanda pamodzi ndi adzukulu, zala zitauma, amalume aang'ono adatulukira ndi chipanda m'manja.

"Mphwanga, tonse tikudziwa kuti udasiya. Ili ndi thobwa chabe, tenthetsa m'mimba."

Thobwa ndi masese ndi ana a mayi mmodzi: phala la chimanga ndi chimera. Chimera chimatsekemeretsa phala lija, ndipo ukalisiya masiku angapo, kutsekemerako kumasasa n'kusanduka mowa. Palibe belu limene limalira pa ola lomwe thobwa lawoloka malire. Lilime langa lidadziwa nditangomeza koyamba kuti ili lidawoloka dzana. Koma mutu wanga, womwe udafika nawo Fomu 4, udayamba kufotokoza modekha kuti ngati amalume akuti ndi thobwa, ine mwana wa mlongo wawo ndine yani kuti nditsutse akuluakulu pamaliro? Chipanda chidabweranso. Pofika masana ndinali nditasiya kufunsa dzina la chomwe chinali m'katimo, ndipo madzulo ndidapezeka kuseri kwa nkhokwe ndi anyamata omwe anali ndi kachasu wa mutu, ndikuwalangiza za kuopsa kwa mowa.

Pobwerera, azakhali adandipatsa thumba la mbatatesi kuti ndikapatse akunyumba. Ndidakwera nalo minibasi ya ku Blantyre. Pa Zalewa ndidatsika kukataya madzi, n'kudutsira pa kagolosale kugula kabotolo kochotsera matsire, kenako ndidabwerera n'kukwera minibasi yoyera. Vuto ndi lakuti pa Zalewa minibasi zoyera n'zambiri, ndipo pamenepo m'pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira. Ndidadzutsidwa ndi kondakitala akundigwedeza phewa. "Bwana, tafika. Kapena mukuwoloka ku Mozambique?" Mbatatesi zija zidapitirira zokha ku Blantyre, ndipo ndikhulupirira amene adazidya adathokoza Mulungu.

Ndidagona pa khonde la sitolo ku Mwanza konko. M'mawa, poopa kufika kunyumba chimanjamanja, ndidagula manachesi odzadza jumbo ndi ndalama yotsala. Akunyumba ndidawauza kuti minibasi idafera pa Phalula usiku wonse. Adalandira manachesi ndi manja awiri, adathokoza, adanditenthetsera madzi osamba. Ndidasamba ndikudziyamikira kuti nzeru ndili nazo.

Usiku umodzi umenewo sukadandichita kanthu ndikadangodzuka n'kunena. Chomwe chidandigwetsa ndi maganizo omwe adabwera pambuyo pake: poti ndathyola kale, palibenso choti ndisunge. Ndidadzamva pambuyo pake kuti katswiri wina wa za maganizo wa ku America, Alan Marlatt, adalemba zambiri za msampha umenewu m'buku lomwe adatulutsa ndi Judith Gordon mu 1985. Mfundo yake ndi yakuti kupunthwa kamodzi ndi kugweratu n'zosiyana, ndipo chomwe chimalumikiza ziwirizi kawirikawiri ndi manyazi ndi kudzitaya kwa munthu wopunthwayo. Zidandiwawa kumva kuti mzungu adandilemba m'buku ndisanayambe n'komwe kumeta ndevu. Ine ndinkaona ngati maganizo amenewo ndawapeka ndekha.

Ndiye ndidayamba kukhazikitsa malamulo, poti munthu wophunzira samwa mwachisawawa. Lamulo loyamba linali lakuti ndizimwa wa m'botolo wokha. Ndidadzikumbutsa kuti fakitale ya Carlsberg ya mu Blantyre idatsegulidwa mu 1968, yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, choncho Green ndi mowa wa mbiri, wa anthu aulemu, wosiyana ndi zija za kuseri kwa nkhokwe. Lamulo limeneli lidafa chifukwa cha thumba. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, botolo la ulemu lidasanduka la mabwana, ndipo ine malipiro anga anali akadali a kale. Lamulo lachiwiri lidati ndizimwa pokhapokha Maule akapambana. Posakhalitsa ndidaona kuti akagonja m'pamene munthu umafunikira chitonthozo kwambiri, ndipo akalepherana ndi Manoma mtima sudziwa kolowera, umafuna wouthandiza kuganiza. Lamulo lachitatu, loti ndizimwera kutali ndi kwathu, lidandifikitsa ku Lunzu ndi ku Bangwe, n'kundionjezera ndalama ya thiransipoti pamwamba pa ya mowa. Ku Bangweko ndidakumana ndi mwamuna wa mayi wina wa m'banki m'khonde mwathu, nayenso atabwera kudzabisala. Tidapatsana moni mwaulemu, aliyense botolo lili kumbuyo.

Za fungo ndiye ndidachita kafukufuku. Mtedza wokazinga, adyo, masamba a bulugamu, chingamu, zonse ndidatafuna. Palibe adandiuza kuti fungolo silichokera m'kamwa mokha. Mowa wambiri umaphwanyidwa ndi chiwindi, pang'onopang'ono, koma wina umatuluka m'magazi kudzera m'mapapo, n'chifukwa chake apolisi apamsewu amangokuuza kuti uuzire kachipangizo kawo. Ine ndinkafika kunyumba ndikununkha mowa ndi adyo pamodzi, n'kugona chakukhoma ngati munthu wokwiya.

Mapeto ake ndidatsikira ku midoli. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 poona mmene unkathera ana asukulu ndi anyamata a m'madepoti, koma mowa womwewo udangosintha chovala, n'kulowa m'timabotolo ta pulasitiki tokwana m'thumba la jekete. N'tosavuta kugula, n'tosavuta kubisa, ndipo timagwira msanga. Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu April 2024, anthu angapo adamwalira ku Manase mu Blantyre momwemo atamwa mowa womwe anthu adautcha Ambuye Ntengeni. Nkhaniyo ndidaimva pa wailesi ndikadali wosamwa, ndipo ndidapukusa mutu kwambiri pamaso pa akunyumba. Tsopano ndinali ine yemwe ndikupendeketsa kabotolo kosadziwika kochokera, n'kumadziuza kuti mayi amene amandigulitsa ndi wopemphera. Bokosi la banki m'khonde lidapulumuka chifukwa limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana. Amene adaganiza dongosolo limenelo ankandidziwa.

Nditaona kuti zafika pena, ndidaganiza zosiya mwachimuna: lero lomwe, ndekha, popanda wodziwa. Tsiku loyamba manja adayamba kunjenjemera moti tiyi ndidamwera m'mbale. Usiku thukuta lidanyowetsa bulangete, mtima ukugunda m'makutu. Usiku wotsatira ndidaona mphemvu zikuyenda mwa ndawala pakhoma, ndipo nditawadzutsa akunyumba kuti abweretse tsache, adayang'ana khomalo, adandiyang'ana ine, n'kunena kuti mawa tipite kuchipatala. Ndidati ndi malungo, ndipita ndekha.

Adandibaya chala, malungo sadapezeke. Dokotala, mnyamata woti ndingamubereke, adanditambasulitsa manja, n'kuwayang'ana akuvina okha.

"Bambo, mowa mwamwa liti komaliza?"

"Ine ndidasiya kalekale, adokotala."

"Ndamva. Ndiye komaliza mwamwa liti?"

Adandifotokozera zomwe ndikadakonda ndikadazimva ndisanayambe chimuna changa. Mowa umapondereza ubongo, ndipo munthu akamamwa tsiku ndi tsiku ubongo umazolowera kukankha mwamphamvu kuti ugwirebe ntchito. Ukauchotsa mowa mwadzidzidzi, ubongo umapitiriza kukankha popanda choukaniza. Manjenje amayamba pakangopita maola ochepa, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, ena amabwebweta n'kumaona zinthu zomwe palibe, ena amafa kumene. Adaonjeza kuti munthu akamasiya n'kuyambiranso, kusiya n'kuyambiranso, kusiya kulikonse kumatha kukhala kowawa kuposa kwam'mbuyo. Adandilembera diazepam wa masiku ochepa, womachepetsa tsiku lililonse, ndi vitamini B1, yemwe amasowa m'thupi la chidakwa ndipo kusowa kwake kumaononga ubongo. Atatchula za a St John of God omwe amathandiza anthu otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha ku Zomba, ndidayankha mokweza kuti ine si wamisala. Iye adati sadanene choncho, ndipo adandilembera pa kapepala malo omwe kagulu kena ka anthu osiya mowa kamakumana Loweruka.

Ndidapita, nditavala chipewa chofika m'maso. Kumeneko ndidapezako mdala wina, dalaivala wopuma pantchito, yemwe adasiya mowa ine ndikadali mnyamata. Iyeyu ndiye adandisimbira za Dr Bob Smith, mmodzi mwa awiri omwe adayambitsa Alcoholics Anonymous mumzinda wa Akron ku America mu 1935. Smith anali dokotala wa opaleshoni. Atakumana ndi Bill Wilson adasiya mowa milungu ingapo, kenako adakwera sitima kupita ku msonkhano wa madokotala ku Atlantic City, n'kubwerako ali thapsa. Mnzakeyo adamusamalira, ndipo m'mawa wa tsiku lomwe ankayenera kuchita opaleshoni adamupatsa botolo limodzi la mowa kuti manja asanjenjemere. Limenelo ndilo lidakhala lomaliza, ndipo bungwelo limawerenga chiyambi chake kuchokera pa 10 June 1935. Mdala ankafuna ndimve kuti ngakhale mwini njirayo adagwapo n'kudzuka, ndipo adadzuka chifukwa panali munthu wodziwa zoona zake. Ine chomwe ndidatolapo n'chakuti pali botolo limodzi lovomerezeka.

"Akunyumba mwawauza?" adandifunsa tikusiyana.

"Ndikudikira nthawi yabwino, mdala."

"Chabwino. Nambala yanga ndi iyi. Muziimba musanamwe. Mukaimba mutamwa, ndimangomva nyimbo."

Nthawi yabwinoyo isanafike, udafika ukwati wa alamu anga, mlongo wawo wa akunyumba. Komiti idakumana kwa apongozi ku Chilomoni, ndipo itafika nkhani ya wosunga kiyi wa chipinda cha katundu, sipadakhale n'kukambirana komwe. Pa ukwati wam'mbuyo m'banjamo makireti adachepa usiku, choncho ulendo uno ankafuna munthu wosamwa. Maso onse adatembenukira kwa ine. Anthu adaomba m'manja. Apongozi aakazi adalulutira pang'ono. Ndidayang'ana akunyumba, iwo adayang'ana pansi. Ndikadatha kuimirira n'kunena kuti abale anga, mukupatsa fisi khola la mbuzi. M'malo mwake ndidagwada, n'kulandira kiyi ndi manja awiri, n'kuthokoza chifukwa cha chikhulupiriro.

Chipindacho chinali kuseri kwa nyumba ya lendi, chopanda zenera, cha chitseko chachitsulo ndi loko wamkulu wobisika m'kabokosi kowotcherera kuti akuba asamufikire ndi chitsulo chodulira. Lachisanu madzulo tidalowetsamo zonse: matumba a mpunga, zigubu za mafuta ophikira, zoziziritsa kukhosi, keke, suti ya mkwati yomwe ankaopa kuti ana aidetsa m'nyumba, ndi makireti a mowa osanjikizana mpaka m'mapewa mwanga. Ndidawawerenga ndekha, mokweza, ndikulemba m'kope. Kenako ndidatseka, ndidayala mphasa pakhonde, anthu n'kubalalika kukagona.

Amene sadamvepo chibaba amaganiza kuti ndi ludzu. Ayi, chibaba chimalankhula, ndipo chimalankhula bwino. Chidayamba n'kundikumbutsa kuti pa makireti ochuluka chotere botolo limodzi limatha kusweka ponyamula. Chidati aliyense akudziwa kuti ine sindimwa, choncho palibe angandiganizire. Chidatchulanso Dr Bob. Ndidatulutsa foni kuti ndiimbire mdala, koma magetsi anali atazima kuyambira masana ndipo foni inali itathima. Ndidayenda kuzungulira nyumba. Ndidapemphera, koma pakati pa pemphero ndidapezeka ndikuwerengera mabotolo omwe angasweke popanda komiti kudabwa, ndipo nambala inkakwera. Mdala adanenapo kuti chibaba chimakwera n'kutsika chokha ukachidikira, koma sadanene kuti uchidikire kiyi ali m'thumba mwako, mowa uli kuseri kwa chitseko chomwe watsamira.

Pakati pa usiku ndidapezeka nditaima pachitseko, dzanja lili m'kabokosi kaja, kiyi atalowa kale m'loko. Ndikukumbukira kuzizira kwa chitsulocho. Kenako ndidakumbukira mawu ena a mdala, oti ngati sungathe kuchoka pamalopo, chotsa chomwe chikukuyesa. Ndidazula kiyi uja, ndidayenda molunjika kuchimbudzi chokumba cha kumapeto kwa mpanda, ndidamuponya m'dzenje, n'kumvetsera mpaka adafika.

Mtendere womwe ndidaumva sindingathe kuufotokoza. Ndidagona tulo tomwe ndidali ndisanagonepo chichokereni ku Ntcheu. Ndikutsimikiza kuti pa nthawi yonseyo, kuyambira pachitseko mpaka kuchimbudzi, sindidaganizepo ngakhale kamodzi za mpunga.

"Alamu! Alamu, dzukani, tipatseni kiyi titsuke mpunga."

Kunali kusanache. Azimayi ophika anali atasonkha kale moto, miphika ikuluikulu ili pa mafuwa, madzi akuwira. Ndidapapasa m'matumba kwa nthawi yaitali, ndikuchita kudabwa. Ndidati mwina wagwera mu udzu. Ana adadzutsidwa kuti asake ndi tochi. Adakutumula mphasa yanga, adasesa bwalo lonse, ine ndikusaka nawo mwakhama kuposa aliyense. Eni nyumba atafunsidwa adati kiyi wina adatayika kalekale. Wowotcherera adaitanidwa, adayang'ana chitseko, adachiyamikira kuti chidapangidwa bwino, n'kunena kuti popanda magetsi sangachite kanthu.

Ndikadapirira ndi bodza langa mpaka kumanda, pakadapanda azakhali ake a mkwati. Iwo adaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti kiyi sangachoke yekha m'thumba la munthu wosamwa. Adati pali mtsikana wina kumtunda kuja yemwe mkwati adamusiya, ndipo amayi ake amadziwika ndi zamankhwala. Anthu adayamba kuvomereza. Anyamata awiri adatola ndodo, azimayi adamanga zitenje m'chiuno, ndipo gulu lidayamba kulowera kugeti kukafunsa mtsikana wa eni ake za kiyi yemwe anali pansi pa chimbudzi chathu.

Ndidaimitsa anthuwo pageti. Ndidagwada pamaso pa apongozi aamuna, ndipo ndidayamba ndi thobwa la amalume, poti sindidadziwe poyambira pena. Ndidanena za Mwanza, za midoli, za mphemvu, za usiku wathawo. Bwalo lonse lidangoti zii, kumangomveka madzi akubwata m'miphika yopanda kanthu.

Apongozi adakhala kaye chete, akusisita chibwano.

"Ndiye akamwini, mukuti simudamwe?"

"Sindidamwe, bambo."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

"Mukadangomwa, akamwini. Botolo n'lotchipa kusiyana ndi chitseko."

Akunyumba sadakweze mawu. Adangoti, "Ine ndidadziwa tsiku la manachesi, bambo. Ku Tsangano adayamba liti kulima manachesi? Ndimadikira kuti munene nokha." Kenako adatembenuka n'kuyamba kutuma anyamata kukabwereka jenereta.

Jenereta idabwera pa wilibala kuchokera ku Chirimba dzuwa litakwera, ndipo idafuna petulo yemwe ndidagula ine. Nthawi ya kutchalitchi sikadadikira, choncho mkwati adakalumbira atavala jekete la msuweni wake, munthu wamfupi. Chitseko chidatseguka masana. Keke inali itayamba kupendekeka ndi kutentha, mpunga anthu adadya dzuwa likupendeka, ndipo pa perekaniperekani MC adalengeza kuti tsopano ndi nthawi ya onse amene adatayapo kiyi. Holo yonse idaimirira kuvina, ndalama zikuuluka. Akuti gawo limenelo ndilo lidabweretsa ndalama zambiri kuposa la akuchimuna. Makireti a mowa adakwana ndendende ndi zomwe ndidalemba m'kope, koma palibe adabwera kudzandiyamikira.

Mdala nditamusimbira Loweruka lotsatira adaseka mpaka kutsokomola, kenako adati apongozi adalakwitsa masamu, chifukwa kwa munthu ngati ine botolo limodzi limadula kuposa zitseko khumi. Adatinso pakhomopo panali anthu oposa makumi awiri ogona, ndipo aliyense wa iwo akadatha kusunga kiyi ndikadangomudzutsa. Zimenezo sizidandifikire m'mutu usiku uja. Kudzutsa munthu kukadafuna kuti ndimuuze chifukwa chake, ndipo kwa ine chimbudzi chidaoneka chapafupi.

Pano khadi la kubanki amasunga akunyumba, ndipo ndalama ya minibasi ndimalandira m'mawa uliwonse, yowerengeka. Usungichuma ndidatula ndekha asanandiuze. Pobwera kuntchito ndimatsikira siteji ya patsogolo kuti ndisadutse pa kagolosale ka mayi wopemphera uja, ndipo foni imagona pa chaja ngakhale ili yodzadza. Chibaba chikadalipo, makamaka Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, ndipo sindilonjeza munthu aliyense za chaka chamawa. Amuna a m'dera lathu adayambanso kundipatsa moni mwansangala.

Ngongole ya chitseko ndikubwezabe pang'onopang'ono kwa eni nyumba, omwe adaumirira kuti chatsopanocho chikhale cholimba kuposa choyamba. Alamu anga adandikhululukira pamaso pa ankhoswe, koma chithunzi cha ukwati adachikulitsa n'kuchipachika pabalaza. Manja a jekete akuthera chapakati pa mkono. Mlendo aliyense akafika amamuonetsa manjawo, ndipo ngati ine ndilipo amandiitana kuti ndifotokoze ndekha.